Chikho cha Mpira wa Miyendo

Mukatsegula wailesi Loŵeruka masana kuti mumve za mpira, mumamva mau aŵiri: ligi ndi chikho. Anthu ena amayesa kuti mau aŵa akunena chinthu chimodzi. Iyayi, ndi zinthu ziŵiri zosiyana. Tsono kwa ife a kuno ku Rumphi, kumene matimu athu ali ang'onoang'ono, kusiyana kumeneku ndi nkhani yaikulu.

Ligi imatenga chaka chathunthu. Timu iliyonse imakumana ndi inzake iliyonse kaŵiri, kamodzi pa bwalo la kwao, kamodzi koyenda. Ikapambana imapata mapointi 3. Zikafanana mphamvu, iliyonse imapata pointi 1. Ikagonja, palibe kanthu. Mu ligi ya matimu 16, timu imodzi imaseŵera maseŵero 30. Choncho ikagonja lero sidandaula kwambiri, pakuti sabata ya maŵa ilipo. Pa mtunda wautali chotere, timu imene ili ndi ndalama ndi oseŵera ambiri ndiyo imafika patsogolo kaŵirikaŵiri.

Chikho sichitero ai. M'chikho ukagonja kamodzi, basi kwatha, longedza ubwerere kwanu, tidzaonana chaka cha maŵa. Mulibe mapointi, ndipo mulibe kufanana mphamvu. Mphindi 90 zikatha popanda wopambana, amamenya mapenate kufikira wina atagwa. Ndiye chifukwa chake timu yaikulu imachita mantha ikamapita kukakumana ndi timu ya kumudzi. Tsiku limodzi loipa ndi lokwanira kuitulutsa.

Kumene zinayambira

Mpikisano wotchuka wa mtundu umenewu unayamba ku England m'chaka cha 1871. Dzina lake ndi FA Cup, ndipo ndiwo wakale kuposa yonse imene ilipo lero. Chaka choyamba analembetsa matimu 15 okha. Timu imene inatenga chikhocho mu 1872 dzina lake linali Wanderers. Musadabwe: si Manoma a ku Blantyre ai, koma dzina ndi lomwelo.

Kuno kwathu bungwe loyendetsa mpira la Football Association of Malawi, limene timangoti FAM, linakhazikitsidwa mu 1966. Ligi yaikulu ya dziko lonse, ya Super League, inadzayamba mochedwa, mu 1986. Chisanafike chaka chimenecho matimu ankaseŵera maligi a m'madera mwao. Nanga timu ya ku Blantyre ikanakumana kuti ndi ya ku Lilongwe kapena ya ku Mzuzu? Inkakumana nayo m'chikho. Motero zikho ndizo zinayamba kulumikiza mpira wa dziko lino.

Achikulire akukumbukira Kamuzu Cup, chikho chimene chinali ndi ulemu waukulu m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Panalinso Chibuku Cup ndi Press Cup. Masiku amenewo kunalibe kanema m'Malaŵi. Anthu ankazinga wailesi imodzi pa sitolo kapena pa khonde la aphunzitsi, kumvera MBC. Maina a Kinnah Phiri wa Bata Bullets ndi Jack Chamangwana wa Wanderers ankadziŵika mpaka ku Hewe ndi ku Mlowe, kwa anthu amene sanaonepo nkhope zao.

Chifukwa chiyani dzina limasinthasintha?

Ku England chikho chija chikali ndi dzina lake lomwelo. Kwathu kuno mwana amatchula dzina lina, bambo wake lina, agogo ake linanso. Chifukwa chake ndi ndalama. Mpikisano umafuna ndalama zambiri: mphoto za opambana, malipiro a oyimbira, mipira, ndi zina zotero. FAM payokha siingathe. Ndiye imapeza kampani yoti ithandize, ndipo chikho chimatenga dzina la kampaniyo. Kampani ikaleka, dzina limafa, mpikisano umayamba ndi dzina latsopano.

Nkhani ya Carlsberg Cup ndi yofunika kuidziŵa. Chikho chimenechi chinayamba mu 2000. Mu 2003 m'ndime yomaliza munakumana Bullets ndi Wanderers. Panabuka mkangano pa nkhani ya chigoli, zinthu zinasokonekera, ndipo mpira unathera panjira. Kampani ija inachotsa thandizo lake. Chikhocho chinadzabweranso mu 2012, patapita zaka zisanu ndi zinayi. Taganizani: mnyamata amene anali ndi zaka 22 pa tsiku la mkanganolo anali ndi zaka 31 pamene chikhocho chinkabwerera. Mphamvu zake zonse zinathera m'kudikira. Amene amaponya miyala pa bwalo saŵerengera zimenezi.

Zikho zina zinabwera ndi kupita. Standard Bank Cup inayamba mu 2007. Presidential Cup inayamba pa nthaŵi ya Bingu wa Mutharika, ndipo inkayambira m'maboma. FISD Challenge Cup inakhala kuyambira 2016 mpaka 2019. Mu 2017 kunabwera Airtel Top 8, koma imeneyi inapangidwira matimu 8 okha amene athera pamwamba mu Super League. Timu ya kumudzi ilibe khomo loloŵera m'menemo.

M'mene chikho chimayendera

Titenge chitsanzo cha FDH Bank Cup, imene inayamba mu 2021. Poyamba matimu ang'onoang'ono ankapululana okhaokha m'zigawo zitatu: kumpoto, pakati ndi kumwera. Matimu 16 otsala ndiwo ankapita ku ndime ya dziko lonse. Kumeneko ankapeza matimu 16 a Super League akudikira. Onse pamodzi 32.

Apa ndi pamene amachita maere. Maina a matimu amaikidwa m'mbale, munthu n'kumatola limodzilimodzi anthu akuona. Maere sayang'ana nkhope. Akhoza kugwirizanitsa zimphona ziŵiri pa ndime yoyamba, chimodzi n'kutuluka pomwepo. Akhozanso kutumiza timu ya mu mzinda ku bwalo la fumbi limene sinapondepo.

Tiyeni tiŵerengere pamodzi. Matimu 32 amaseŵera maseŵero 16, ndipo amatsala matimu 16. Aŵa akaseŵera amatsala 8. Ndime ya matimu 8 pa wailesi amaitcha kotafainolo. Kenaka amatsala 4, ndiyo semifainolo. Potsiriza amatsala aŵiri okha, ndiyo ndime yomaliza, kapena kuti fainolo. Tikaphatikiza 16, 8, 4, 2 ndi 1, tipeza maseŵero 31. Koma timu imodzi imangofunika kupambana kasanu kuti inyamule chikho. Kasanu kokha! Mu ligi paja tinati maseŵero ndi 30.

Chaka cha Rumphi United

Mwina wina anganene kuti zimenezi ndi masamu a pa pepala chabe. Tsono tamverani. Mu 2021, chaka choyamba cha FDH Bank Cup, timu yathu ya Rumphi United inali isanaloŵe mu Super League. Inali ya ligi ya chigawo cha kumpoto. Koma inadutsa ndime ndi ndime mpaka inafika mu semifainolo, pakati pa matimu anayi otsala m'dziko lonse la Malaŵi. Kumeneko inagonja kwa anansi athu a Ekwendeni Hammers. A Hammers nawo anakagonja kwa Silver Strikers ya ku Lilongwe m'ndime yomaliza ndi zigoli 2 kwa 0. Chikho chinapita ku Lilongwe, koma pa matimu anayi otsirizawo, aŵiri anali a kumpoto kuno.

Chaka chotsatira, mu 2022, Rumphi United inaseŵera mu Super League, ndipo inatulukamo pa kutha kwa chaka chomwecho. Apa ndi pamene kusiyana kuja kumaonekera bwino. Mu ligi timu iyenera kupita ku Lilongwe ndi ku Blantyre kangapo pa chaka. Basi ifuna mafuta, anyamata afuna chakudya ndi pogona, ovulala afuna mankhwala. Timu yopanda kampani kumbuyo kwake imatopa ndi mseu isanatope ndi mpira. M'chikho maulendo ndi ochepa, ndipo mtima wa tsiku limodzi umatha kugwira ntchito.

Mu 2022 munachitikanso zoseketsa. Nyasa Big Bullets inakumana m'ndime yomaliza ndi timu yake yomwe ya achisodzera, ya Bullets Reserve. Akulu anapambana, koma anawo anali atagwetsa matimu akuluakulu panjira. Ndipo mu 2024 Blue Eagles, timu ya apolisi imene inali itatuluka mu Super League chaka chapitacho, inagonjetsa Bullets pa mapenate n'kutenga chikho ikuchokera ku ligi ya m'munsi.

Nanga matimu a m'midzi?

Mu 2023 kunayamba Castel Challenge Cup, imene inatsegula khomo kuyambira pa boma, monga inkachitira Presidential Cup. Mpikisano ukayambira pa boma, timu ya ku Bolero, ku Mhuju kapena ku Chiweta imakhala ndi njira, ingakhale yaitali, yokafika pa Bingu National Stadium.

Koma njirayo imayambira pa pepala. Timu iyenera kulembetsa ku komiti ya mpira ya pa boma nthaŵi yake isanathe. Maina a oseŵera alembedwe bwino, monga m'mene alili pa ziphaso zao. M'chikho chimodzi munthu saloledwa kuseŵerera matimu aŵiri. Kumidzi kuno tili ndi chizoloŵezi chobwereka mnyamata wothamanga wa mudzi wina pa tsiku la mpira waukulu. Pa mpira wa Khirisimasi palibe amene amafunsa. M'chikho anzanu ogonja amakadandaula ku komiti, ndipo komiti ikapeza kuti dzina lake mulibe m'kaundula, imakutulutsani ngakhale munapambana ndi zigoli zisanu.