Munthu mmodzi, mayina awiri: konzani mapepala musanafike pachipata

Aliyense wa kuno akudziwa kuti malo athu ali ndi mayina awiriawiri. Pachikwangwani palembedwa Ulónguè, koma m'kalata ya Chichewa timalemba Ulongwe. Dómuè ndi Domwe yemweyo, Zóbuè ndi Zobwe yemweyo. Malo sadandaula ndi kalembedwe chifukwa sakwera basi kupita ku Joni. Amene amavutika ndi munthu.

Kuno ku Angónia kuli anthu amene ali ndi mapasipoti awiri, ina ya Moçambique ina ya Malawi, ndipo mukawatsegula pamodzi mungayese ndi a anthu awiri osiyana. Kumudzi palibe amene amadabwa nazo. Koma pawindo la Migração ku Calómuè, kapena poonetsa tikiti pabwalo la ndege, chilembo chimodzi chokha chikhoza kubweza munthu pamodzi ndi katundu wake, ndalama za ulendo n'kupita pachabe.

Mayina awiriwa anachokera kuti?

Malire amene tili nawowa anachokera m'pangano la Portugal ndi Britain la mu 1891. Anadula pakati pa Achewa ndi Angoni a Maseko, anthu a magazi amodzi. Mpaka lero msewu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'mbali mwenimweni mwa malire, moti pamsika wa Lizulu munthu amagula kachewere ku Moçambique n'kukakwerera minibasi ku Malawi atangowoloka msewu.

Mbali iliyonse mlembi ankalemba dzina monga analimvera. Wa Chipwitikizi analemba Muale pamene mnzake wa tsidya linalo analemba Mwale. Kamwendo anasanduka Camuendo, Mbewe anasanduka Mbeue. Mwana wobatizidwa ku Lifidzi kuti João, akapita kusukulu ku Dedza ankamulemba John kapena Yohane. Ku Registo Civil nthawi zambiri dzina la mwana limatsatiridwa ndi la bambo ake ndi la agogo ake, pamene ku Malawi ambiri amalembetsa mfunda. Amayi ena anatenga dzina la amuna awo papepala la dziko limodzi, koma pa la dziko lina patsala dzina la kwawo.

Nkhondo inawonjezera vutoli. Isanathe ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anali atathawira ku Malawi, ndipo ambiri a ku Angónia ndi Tsangano anakakhala ku Dedza ndi Ntcheu. Kumeneko kunabadwa ana, ena a bambo wa kuno ndi mayi wa uko. Pobwerera, anawo analembetsedwa mochedwa ku Registo, nthawi zina tsiku lobadwa lili longoganizira. Pamene National Registration Bureau inkalemba nzika za Malawi mu 2017, amene anali oyenera analembetsanso ndi dzina limene ankadziwika nalo kusukulu. Kotero kusiyana kwa mayina kwa anthu ambiri sikunayambe ndi chinyengo. Koma mkulu wa pachipata safunsa mbiri ya banja lanu, iye amawerenga zimene zili papepala.

Malamulo akuti chiyani?

Malamulo aakulu a dziko lathu, Constituição ya mu 2004, amanena m'ndime 23 kuti mwana wa bambo kapena mayi wa ku Moçambique, ngakhale atabadwira kunja, ndi nzika ngati iye mwini atakwanitsa zaka 18, kapena omuyimira akadali wamng'ono, anena mwalamulo kuti akufuna kukhala nzika. Ndime 31 imati wokhala ndi unzika wa dziko lina amataya wa kuno akanena yekha, kudzera m'njira zoyenera, kuti sakuufunanso. Ndime 33 ndiyo yofunika kwambiri kwa wapaulendo: ngati ndinu nzika ya Moçambique, boma la kuno siliwerengera unzika wina uliwonse umene muli nawo. Mukakhala kuno ndinu wa kuno basi.

Ku Malawi lamulo la mu 1966 silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri. Nyumba ya Malamulo inalisintha mu Disembala 2018, ndipo tsopano nzika yobadwa nayo ikhoza kukhalanso nzika ya dziko lina. Komabe izi sizichitika mwachinsinsi. Nkhaniyi imayendetsedwa ndi Department of Immigration and Citizenship Services, ndipo ndi kumeneko kumene munthu amakalongosola za unzika wake wachiwiri.

Choncho kukhala ndi mapasipoti awiri ovomerezeka si mlandu. Mlandu ndi kupeza pasipoti ponena zabodza, kapena kugwiritsa ntchito mapasipotiwo ngati kuti ndinu anthu awiri.

Mukakhala paulendo

Tsegulani pasipoti yanu patsamba la chithunzi. Pansi pake pali mizere iwiri, uliwonse wa malo 44 a zilembo ndi manambala, imene kompyuta imawerenga motsatira muyezo wa bungwe loona za maulendo a pandege la ICAO. M'mizere imeneyi timizere ta pamwamba pa zilembo timachotsedwa, moti João amalembedwa JOAO, ndipo limeneli si vuto. Koma MUALE ndi MWALE kwa kompyuta ndi anthu awiri.

Choyamba, tikiti igwirizane ndi pasipoti imene mukayendere. Ambiri a kuno amakwerera ndege ku Lilongwe chifukwa ndi kufupi kusiyana ndi bwalo la Chingodzi ku Tete. Pogula tikiti musatchule dzina pakamwa kapena pafoni. Perekani pasipotiyo kuti wogulitsa akope chilembo ndi chilembo, ndipo muwerenge musanalipire. Ngati viza yanu ili m'pasipoti imodzi, tikiti ikhale m'dzina la pasipoti imeneyo.

Chachiwiri, pasipoti imene mwalowera nayo m'dziko ndi imene mutulukire nayo. Polowa ndi potuluka mu Moçambique onetsani ya Moçambique. Mukalowa ndi ya Malawi mudzapatsidwa masiku ngati mlendo, ndipo masikuwo akatha mudzaoneka ngati mlendo wokhalitsa mopyola, muli pamudzi panu pomwe.

Chachitatu, paulendo wapamsewu musasinthesinthe mapasipoti panjira. Wopita ku Joni kudzera ku Tete amadinditsa ku Cuchamano, ku Nyamapanda ndi ku Beitbridge, ndipo chipata chilichonse chimafuna kuona chidindo cha chipata chimene mwachokera. Mukatuluka ndi pasipoti ina n'kuonetsa ina kutsogoloko, chidindo chija sichipezeka ndipo mafunso amayambira pamenepo. Pamene kusintha kuli koyenera, monga potuluka pa Calómuè ndi ya Moçambique n'kulowa pa Dedza ndi ya Malawi, ikani mapasipoti onse awiri pawindo. Kubisa imodzi ndiko kumachititsa kuti akukayikireni.

Chachinayi, pasipoti yachiwiri si pothawira chilango. South Africa imapatsa masiku 30 opanda viza kwa woyendera pasipoti ya Moçambique kapena ya Malawi. Kuyambira mu 2014, wopyola masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo akapyola ndi masiku oposa 30 amaletsedwa zaka zisanu. Ena amayesa kubwererako ndi pasipoti ya dzina linalo. Ameneyo wasandutsa kulakwitsa kwa mlembi kukhala chinyengo chake, ndipo zidindo za zala sizisintha ndi dzina.

Konzani kumene kunayambira

Vutoli silithera pachipata. Ndalama zotumizidwa kuchokera kunja siziperekedwa ngati dzina silikugwirizana ndi chiphaso. Satifiketi ya sukulu, kalata ya ukwati ndi mapepala a penshoni zimafunsa dzina lomwelo. Munthu akamwalirira ku Joni, abale amavutika kubweretsa maliro ngati kalata ya imfa ikunena dzina lina, mapepala a kumudzi akunena lina.

Pasipoti imachokera ku BI, ndipo BI imachokera ku kaundula wa kubadwa. Choncho musayambire ku SENAMI. Yambirani ku Conservatória do Registo Civil kumene munalembetsedwa, mukapemphe certidão ya kubadwa kwanu, muyiike pambali pa mapepala a ku Malawi, ndipo muyerekeze zinthu zinayi: dzina, tsiku lobadwa, malo obadwira ndi mayina a makolo. Ngati mlembi ndiye analakwitsa, pemphani kuti akonze. Ngati mukufuna kusintha dzina lenilenilo, chilolezo chimachokera ku Direcção Nacional dos Registos e Notariado ndipo chimalengezedwa mu Boletim da República. Zikatheka izi, sinthani BI, kenako pasipoti. Ngati mwasankha kusunga dzina la kuno, kukonzako kukachitikire mbali ya Malawi. Ofesi ya konsulo wa Malawi mumzinda wa Tete ikhoza kukuuzani poyambira, monganso ofesi ya kazembe wa Moçambique ku Lilongwe imathandizira amene ali tsidya lija.

Zimenezi zimatenga nthawi. Podikira, yendani ndi mapepala osonyeza kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi: certidão ya kubadwa, kalata ya ukwati ngati dzina linasintha pokwatiwa, ndi kalata yolumbira yosainidwa pamaso pa notário. Ngati mukupita kudziko la Chingerezi, mapepala a Chipwitikizi amasuliridwe ndi womasulira wovomerezeka. Mapepalawa amathandiza kufotokoza, koma mawu omaliza ndi a mkulu wa pachipata. Ndipo samalani ndi anyamata ozungulira pamalire amene amati akukonzerani zonse lero lomwe. Safunsa anadya phula, koma funsani m'kati mwa ofesi, ndipo pa ndalama iliyonse imene mwalipira landirani lisiti.

Kwa makolo amene ana awo ali ndi ufulu wa unzika mbali zonse ziwiri, mankhwala ake ndi otsika mtengo. Lembani dzina la mwana papepala muli kunyumba, mupite nalo ku Registo ndi kwina kulikonse kumene akalembetsedwe. Mlembi akamaliza, werengani chilembo chilichonse musanasaine, ndipo ngati simutha kuwerenga, pitani ndi wina amene amatha.