Kuzungulira Pamwamba pa Phiri la Zomba

Wofuna kuzungulira pamwamba pa Phiri la Zomba alawire m'mamawa, pakuti ulendowu ngwautali. Njira itsata mtsinje wa Mulunguzi, umene umwetsa mzinda wa Zomba, kufikira pa mathithi a Williams, pomwe miyala iterera ndi ndere. Mukakwera chakum'mawa mufika pa Queen's View, dzina lokumbutsa amake a Mfumukazi Elizabeth, amene anacheza ku Nyasaland mu 1957. Pafupi pomwepo pali Emperor's View, pamene anaima Haile Selassie mu 1965. Kukayera, Nyanja ya Chilwa ndi Phiri la Mulanje zioneka. Koma nkhungu ikagwa musayende, pakuti m'mphepetemo ndi phompho. Khalani pansi kufikira itachoka, ndipo mutsike njira ina yobwerera kumene munayambira.