Magazi Athu ndi Khansa ya M'mimba

Lero tiyambire pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba. Msodzi akalasidwa ndi munga wa mlamba, magazi amatuluka pang'ono kenaka n'kuleka. Chimawaletsa n'chiyani?

M'magazi mwathu muli tizidutswa ting'onoting'ono timene madokotala amatitcha mapulateleti. Timapangidwa m'mafuta a m'mafupa, ndipo timakhala masiku 8 mpaka 10. Tikafika pa bala timamatirirana n'kutseka pamene pang'ambika.

Tsono tizidutswa tomweti timathanso kuthandiza mdani. Maselo a khansa ya m'chifu akathothoka pa chotupa n'kulowa m'mitsempha, mapulateleti amawakuta, motero asilikali a m'thupi sawazindikira. Amatulutsanso timadzi tothandiza chotupacho kumera mitsempha yatsopano yoti chizidyera. Umo ndi momwe nthendayi imafikira ku chiwindi. Odwala amene mapulateleti awo achuluka kwambiri, kawirikawiri matenda awo amakhala atapita patali.

Mu 1865 dokotala wa ku France, Armand Trousseau, analongosola kuti kuundana kwa magazi m'mitsempha nthawi zina kumasonyeza khansa yobisika. Pambuyo pake anaona chizindikirocho m'thupi mwake momwe, ndipo anamwalira mu 1867.

Wina angaganize kuti popeza asipirini amafooketsa mapulateleti, ndi bwino kungogula pa golosale n'kumamwa. Chonde musatero. Mankhwalawa amatha kukhetsa magazi m'chifu chimene chili kale ndi chilonda.

Nanga tichite chiyani? Khansa imeneyi nthawi zambiri imayambira pa kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, komwe kamachizika ndi mankhwala a kuchipatala. Fodya ndi zakudya za mchere wambiri zimawonjezera ngozi. Ngati m'mimba mukupweteka kwa masabata angapo, mukukhuta msanga, mukuonda popanda chifukwa, mukusanza magazi, kapena chimbudzi chikuda ngati makala, musangoti ndi zilonda za m'mimba basi. Pitani ku chipatala cha kwanu. Akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku chipatala chachikulu monga cha Zomba. Chotupa chikapezeka chisanafalikire, madokotala angathe kuchichotsa.