TINDARAMA TA ZOSANGULUTSA TIKUPULULA NKHOKWE M'MIDZI

Caka ciri conse, kuyambira mwezi wa June kufikira October, m'midzi ya m'Cigawo ca Kum'mawa mumalowa ndarama zambiri kuposa nyengo ina iri yonse. Cimanga, nshawa, soya, thonje ndi fodya zimakhala ziri pa msika, nchito ya kumunda imacepa, ndipo mlimi amene wakhala akuweramira khasu kwa miyezi isanu ndi umodzi amaona kuti nthawi yakuti apumeko yakwana.

Koma pofika mwezi wa December, pamene mvula yagwa ndipo fataleza afunika, mabanja ambiri amapezeka alibe ngakhale ngwee imodzi. Munthu akawafunsa kumene ndarama zinapita, satha kuloza cinthu cacikuru cimene anagula. M'khola mulibe ng'ombe yatsopano, pa denga palibe malata, ndipo njinga ndi yakale yomwe ija. Ndaramazo sizinabedwe ndiponso sizinapsere m'nyumba. Zinacoka pang'ono-pang'ono, pa tinthu timene munthu amagula cabe cifukwa cakuti wasowa cocita.

KUWERENGA NDI MATUMBA

Ndarama ya K20 imaoneka yocepa pamene iri m'dzanja. Kukula kwake kumaoneka bwino munthu akaiwerenga ndi matumba a cimanga, pakuti mlimi ali yense adziwa thukuta limene limalowa m'thumba limodzi.

Bungwe la boma losunga cakudya la Food Reserve Agency linagula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa mtengo wa K280 m'caka ca 2023. Mu 2024 mtengo unali K330, ndipo mu 2025 unali K340. Tsono mwa citsanzo, mwamuna amene aononga K20 tsiku liri lonse pa mowa, fodya kapena kubecha, pakutha kwa masiku 30 amakhala atataya K600. Pa mtengo wa 2025 ndarama imeneyi ingotsala pang'ono kukwana matumba awiri. Akapitiriza tero kwa miyezi isanu ya cilimwe, ndiye kuti masiku 150, cionongeko cimafika pa K3,000, kapena kuti pafupi-fupi matumba asanu ndi anai.

Mwamuna amene angasenze matumba asanu ndi anai masana dzuwa likuswa mtengo ndi kukawakhuthulira mu mtsinje wa Luangwa, mudzi wonse ungathamange kukamgwira ndi kunena kuti mutu wake sukuyenda bwino. Koma akataya matumba omwewo mwa K20 pa tsiku, palibe amene adabwa, ndipo ena amamutama kuti ndi munthu wodziwa kukhala ndi anzake.

M'nyengo ya ulimi ya 2024/2025, mlimi wolandira fataleza ndi mbeu m'cikonzero ca boma ca FISP anayenera kuperekako K400. Imeneyi ndi K20 ya masiku 20 cabe. Cikhalireco caka ndi caka amapezeka alimi ena amene amathamanga kukakongola ndarama imeneyi, kapena kugulitsa mbuzi pa mtengo wolira, pamene miyezi iwiri yapitayo anali ndi ndarama zoiposa kakhumi.

MAUNA AMENE NDARAMA ZIMALOWA

Una woyamba ndi wakale, ndiwo mowa. Makolo anali kufulula mowa pa zifukwa zodziwika, monga ukwati, cikumbutso ca maliro, kapena kuitana anthu kudzathandiza kulima. Mowa wotero unali kutha tsiku lomwelo ndipo anthu anali kubwerera ku nchito. Lero mowa upezeka m'mathaveni ndi m'mashabini tsiku liri lonse, kuyambira m'mawa. Mu April 2012 boma linaletsa timapaketi ta mowa waukali tochedwa tujilijili, cifukwa kuchipa kwake kunali kukopa ngakhale ana a sukulu. Koma mowa waukali wa m'timabotolo ndi kacasu zikali kudya ndarama za mabanja, ndipo zimadya ndi mphamvu zomwe za munthu amene anayenera kukagwira nchito m'mawa mwake.

Una waciwiri ndi njuga, imene tsopano yabvala zobvala zatsopano. Pa misika ing'ono-ing'ono ya m'mbali mwa miseu pamapezeka makina ochedwa bonanza, ndipo m'mafoni muli kubecha pa mpira. Cimene obecha ambiri salingalira ndi cakuti makina ndi makampani amenewa anakonzedwa kuti ndarama zolowa zicuruke kuposa zoturuka. Pakadapanda kutero, eni ake sakadapeza phindu, ndipo akadatseka kale. Munthu mmodzi akapambana, mbiri yake imamveka midzi isanu. Anthu makumi amene analuza tsiku lomwelo amabwerera kwao mwakacetecete. Woluza amabwererako mawa kuti akabweze zimene anataya, ndipo apa ndi pamene K5 imasanduka thumba la cimanga.

Una wacitatu ndi foni. Foni yathandiza kwambiri anthu akumidzi pa kutumiza ndarama, kumva mitengo ya mbeu ndi kulengeza matenda kapena maliro. Koma mabando ogula cabe kuti munthu aonere zithunzi ndi timafilimu usiku wonse amatha msanga, ndipo ambiri a iwo ali ndi nthawi yake imene amathera ngakhale munthu sanawagwiritse nchito onse. Palinso tingongole ta pa foni timene timabwera mosabvuta koma timabwezedwa ndi ciongola dzanja.

Una wacinai ndi tsiku la msika, limene ambiri amalicha kabwandire. Uwu sukhudza amuna okha. Mai amanyamuka kuti akagule mcere ndi sopo, koma amabwerako ndi citenje cacisanu, zobvala za salaula zimene mwana sadzabvala, ndi mbale zimene m'nyumba ziripo kale. Ambiri amapita ku kabwandire kukaona anthu ndi kumva nkhani, ndipo kugula kumangobwera cifukwa ndarama iri pa mfundo ya citenje.

PHUNZIRO LA CAKA CA 2024

Mabanja ambiri sanaiwale cilala ca nyengo ya 2023/2024. Pa 29 February 2024, Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse. Cimanga cimene dziko linakolola caka cimeneco cinali pafupi-fupi matani 1.5 miliyoni, pamene mu 2023 cinapitirira matani 3 miliyoni. Ufa unakwera mtengo, ndipo m'midzi yambiri anthu anadalira thandizo la boma ndi ganyu.

Cilala sicinasankhe munda wa munthu wosamala kapena wa munthu woononga. Kusiyana kunaonekera pa khomo. Banja limene linali ndi matumba otsala a caka catha, mbuzi zingapo kapena kandarama kosunga, linatha kupirira miyezi ingapo lisanayambe kugulitsa katundu. Banja limene linadyeratu zonse m'cilimwe ca 2023 linayamba kugona ndi njala msanga. Mu 2025 dziko linakololanso bwino, koma zokolola zabwino ndizo zimaiwalitsa anthu kuti mvula ilibe pangano ndi munthu.

Ngakhale m'caka ca mvula yabwino, miyezi ya January ndi February imakhala yowawa. Mlimi amene anagulitsa cimanga cake mochipa kwa amalonda oyendayenda mu May kuti apeze ya mowa, amakagulanso cimanga comweco pa meda, pa mtengo wokwera, nthawi imene ana akutsegulira sukulu. Kuyambira mu January 2022 boma linacotsa malipiro m'masukulu ake, koma yunifomu, nsapato ndi makope zikali udindo wa kholo.

GWERO LAKE NDI KUSOWA COCITA

Kunena kuti mlimi asasangalale konse kungakhale kulakwa. Munthu amene wagwira nchito yolimba ayenera kupuma, kuceza ndi anzake ndi kulawako zipatso za thukuta lake. Ndiponso malamulo oletsa ciri conse sakhalitsa m'nyumba. Mwamuna amene walumbira kuti sadzalawanso kanthu, kawiri-kawiri amabwerera mwakale pakutha kwa sabata ziwiri.

Cimene cimakokera anthu ambiri ku thaveni si ludzu, koma kusungulumwa. M'cilimwe masana amatalika, ndipo malo okha kumene kuli anthu, nyimbo ndi mpira wa pa wailesi ya kanema ndi kumene kuli zogulitsa. Munthu sangakhale pa benchi la mwini malonda manja ali lende. Amagula kuti apeze pokhala. Palinso manyazi: amene anagulidwa mowa dzulo amaona kuti lero ndi tsiku lake lakubwezera, ndipo amene wangolandira ndarama za thonje amaopa kunenedwa kuti ndi woumira. Motero ndarama imene inayenera kugula mbeu imagula dzina labwino la tsiku limodzi.

Popeza gwero la bvutoli ndi nthawi yopanda nchito, mankhwala ake ayenera kukhudza ndarama ndi nthawi yomwe.

ZIMENE BANJA LINGACITE

Coyamba ndi kulemba. Kwa mwezi umodzi, ndarama iri yonse yoturuka m'nyumba ilembedwe m'kope, ngakhale K2 ya zitumbuwa. Ngati makolo sadziwa kulemba, mwana wa sukulu angathandize. Pakutha kwa mwezi, mwamuna ndi mkazi akhale pansi ndi kulekanitsa zimene zinali zofunika ndi zimene zinagulidwa potayitsa nthawi. Colinga ca kopeli si kupeza wolakwa, pakuti kawiri-kawiri onse awiri amapezekamo.

Caciwiri ndi kugawa zokolola zisanapite ku msika. Banja limene limadya thumba limodzi ndi theka pa mwezi lifunika matumba 18 kuti lifike pa kukolola kwina. Matumba amenewa athiridwe mankhwala oteteza ku anankafumbwe ndipo asakhudzidwe. Ndarama za zotsalazo zigawidwe tsiku lomwe zalandiridwa: za fataleza ndi mbeu, za ana a sukulu, za matenda ndi maliro. Kugula fataleza mu August kapena September, ndarama zikali m'manja, kumatseka mauna ambiri nthawi imodzi.

Cacitatu ndi kupatula gawo la cisangalalo poyera. Mwamuna akhale ndi yake, mkazi akhalenso ndi yake, yodziwika kwa onse awiri, ya pa sabata. Ikatha, yatha. Munthu amene anazolowera K20 tsiku liri lonse akabwerera pa K40 pa sabata, amapulumutsa K100 sabata iri yonse, ndipo m'sabata zinai amakhala atapeza K400 koma osasiyiratu kuceza ndi anzake.

Cacinai ndi kusanyamula ndarama zambiri pocoka pa khomo. Wopita ku kabwandire adziwiretu zimene akukagula ndi kutenga ndarama yokwanira zomwezo. Ndarama imene yatsala m'nyumba singagule cinthu ku msika.

Cacisanu ndi kuika ndarama pamene dzanja silifika msanga. Kusunga m'citini kapena kukwirira pansi kuli ndi ngozi ya moto, ciswe ndi mbala, ndiponso ndarama zimasintha: mu January 2013 kwacha inacotsedwa maziro atatu, ndipo mu March 2025 Bank of Zambia inaturutsa ndarama zatsopano. Mabanki, monga National Savings and Credit Bank imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1972, amasunga ndarama za anthu wamba. Cilimba ndi magulu osunga ndarama a m'midzi amathandizanso, malinga ngati mamembala adziwana, ali ndi malamulo olembedwa ndipo ndarama ziwerengedwa pamaso pa onse. Koma munthu wolonjeza kuti K500 idzabala K1,000 m'sabata ziwiri apewedwe, pakuti imeneyo ndi njuga inanso. Ena amasankha kusunga mwa kugula nkhuku, mbuzi kapena nkhumba, zimene zimaswana ndipo sizigulitsidwa mwa cibwana.

KUDZAZA MASIKU A CILIMWE

Cotsiriza ndi kupezera masiku a cilimwe nchito ndi masewera osalira ndarama. Dimba la repu, matimati ndi anyezi limadya maola amene akadathera ku thaveni, ndipo limabweretsa ndiwo ndi kandarama. Kuumba njerwa, kukonza nkhokwe ndi makola, kututira manyowa kumunda ndi kukumba maenje obzalamo mbeu mvula isanagwe, zonsezi ndi nchito za nyengo yomweyi.

Midzi inali ndi zosangulutsa zake kale makina a bonanza asanabwere. Nsolo pansi pa mtengo sulira ngwee. Mpira wa pakati pa midzi, cimtali, ngoma, makwaya a ku chalichi ndi nthano za madzulo zimasonkhanitsa anthu popanda wogulitsa. Miyambo ikuru-ikuru monga Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete mu August, ndi Nc'wala ku Mtenguleni mu February, ndi zisangalalo zimene banja lingakonzekere ndi kusungira ndarama mwadala, m'malo mwa kumwaza tsiku ndi tsiku pa zinthu zosakumbukika. Mafumu, anyakwawa, alangizi a zaulimi ndi atsogoleri a mipingo angathandize kwambiri mwa kulimbikitsa masewera otere ndi kuona kuti malo a mowa satsegulidwa nthawi ya nchito.

Akuru-akuru anati pang'ono-pang'ono ndi mtolo. Mau amenewa amagwira nchito mbali zonse ziwiri, pakuti mtolo umamangidwa ndi nkhuni imodzi-imodzi, ndipo umathanso mwa kusolola imodzi-imodzi. Banja liri lonse limene lagulitsa mbeu caka cino lipemphedwa kutenga kope ndi pensulo ndarama zisanayambe kuturuka, kuti pamene mvula yoyamba idzagwa, fataleza adzakhale ali kale m'nyumba ndipo nkhokwe idzafike mwezi wa March.