Utoto wa makoko a anyezi: zimene amai osoka m'makomboni angayese

Tonse tidziwa kuti telala wa m'komboni akulimbana ndi mabelo a salaula. Pambuyo pa 1991, pamene boma linatsegula malonda, mafakitale athu a nsalu anafooka. Kafue Textiles inatseka, ndipo Mulungushi Textiles ya ku Kabwe inaimitsa makina mu 2007. Thonje likali kulimidwa ku Chipata, Katete ndi Petauke, koma citenge cimene tigula ku Kamwala nthawi zambiri cimacokera kunja.

Cifukwa cake amai ambiri m'magulu a mipingo yathu anaphunzira kumanga nsalu yoyera ndi ulusi n'kuinyika mu utoto, kuti asoke cobvala cimene sicipezeka pa mulu wa salaula. Nchito ndi yabwino. Cimene citidetsa nkhawa ndi mankhwala. Utoto wina wogula umafuna caustic soda, amene amaocha khungu ndi kuononga maso. Ndipo madzi otsala amapita kuti? Ku Kanyama ndi ku George madzi a pansi ali pafupi, mabanja ena akali kutunga pa zitsime zosazama, ndipo mvula ikagwa zimene tinataya m'ngalande zimafika pakhomo pa mnansi. Kolera wa 2017 ndi 2018 anatiphunzitsa m'mene zonyansa zimalowera msanga m'madzi amenewa.

Utoto wa mankhwala si wakale kwambiri. Woyamba anaupeza William Perkin ku London mu 1856. Lidiya wa m'buku la Macitidwe, wogulitsa nsalu zofiirira uja, sanaudziwe konse: pa nthawi yake mtundu unali kucokera ku zomera ndi ku nkhono za m'nyanja.

Zina mwa zomerazo tili nazo pamsika, ndipo timazitaya. Makoko ouma a anyezi amapatsa mtundu wacikasu, nthawi zina wonga wa lalanje. Njere ndi makoko a kotapela zimapatsa mtundu wofiira pang'ono. Masamba a tiyi amapatsa wa khaki. Madzi amene munagona misomali ya dzimbiri amadetsa mitundu yonseyi. Cikasu ca anyezi cimasanduka cobiriwira moderako.

Nsalu ikhale ya thonje, cifukwa poliyesita simagwira utoto wotere. Yambani kuicapa m'madzi otentha ndi sopo kuti sitachi ya ku fakitale icoke. Apa ndi pamene ambiri amacita ulesi, kenako n'kumadabwa ndi mawangamawanga. Ikatero inyikeni mu tiyi wamphamvu, pambuyo pake m'madzi a alamu, amene amathandiza utoto kumamatira ku ulusi. Wiritsani makoko kwa ola limodzi, sefani, ikani nsalu ikali yonyowa, mubvundule kawirikawiri pa moto wocepa, n'kuisiya igone m'menemo usiku wonse. M'mawa tsukuluzani, yanikani pamthunzi. Mphika wa utoto usabwererenso ku ndiwo.

Tisanamizane, njira iyi ili ndi zobvuta zake. Imadya makala, ndipo tonse tidziwa mtengo wa thumba masiku ano. Ndi bwino amai angapo asonkhe pa mbaula imodzi, anyike nsalu zambiri tsiku limodzi. Mitundu yake siiwala ngati ya m'sitolo, ndipo imafwifwa msanga ikamayanikidwa padzuwa. Wogula auzidwe zimenezi asanapereke ndalama. Mkristu amene abisa cilema ca katundu wake waononga dzina la gulu lonse, ndi la mpingo womwe.

Za makungwa ticenjeze. Mukula ndi mlombwa zili ndi utoto wofiira umene makolo anali kuudziwa bwino, koma mukula wadulidwa kale mopitirira cifukwa ca matabwa otumiza kunja, ndipo mtengo ukasendedwa kuzungulira thunthu umauma. Ife tikuti yambani ndi zotayidwa. Lankhulani ndi amai ogulitsa anyezi ku Soweto Market kapena ku Mtendere kuti azikusungirani makoko m'thumba, ndipo muyese kaye pa kansalu kakang'ono musananyike nsalu ya kasitomala.