Nthano za m'mlengalenga zikutichenjeza za zinyalala

Nthano zambiri za maulendo a m'mlengalenga zimatamanda ngwazi yokwera roketi kupita ku Mars. Ine ngati mphunzitsi ndimakonda zomwe zimafunsa funso lina: anthu akanyamuka, zinyalala zawo amasiyira yani?

Filimu ya WALL-E ya mu 2008 imaonetsa dziko litakwiririka ndi zinyalala, anthu atathawira m'chombo, kaloboti kamodzi katatsala kakusonkhanitsa zotayidwazo. Mu Gravity ya mu 2013, zidutswa za setilaiti yophwanyidwa zimawomba chombo, mayi wasayansi n'kutsala yekhayekha kumwamba.

Olemba amenewa sanangolota. Mu 1978, Donald Kessler wa ku NASA anachenjeza kuti zidutswa zikachuluka zidzayamba kugundana, ndipo kugundana kulikonse kudzabala zidutswa zina mpaka njira zina za masetilaiti zitatsekeka. Mu 2007 dziko la China linaphulitsa setilaiti yake yakale, panatuluka zidutswa zoposa 3,000. Mu 2009 masetilaiti a Iridium 33 ndi Kosmos 2251 anagundana. Kumeneko zinthu zimathamanga pafupifupi makilomita 28,000 pa ola, moti kachitsulo kochepa ngati mtedza kangathe kuboola chombo.

Zina zimagwa pansi. Mu Disembala 2024, chitsulo chozungulira cholemera pafupifupi makilogalamu 500 chinagwa m'mudzi wa Mukuku ku Kenya, ndipo akuluakulu a za mlengalenga a dzikolo anati chinachokera ku roketi. Anthu a m'mudzimo sanaponyepo roketi, koma ndi iwo amene anagwidwa ndi mantha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Wina anganene kuti izi ndi za mayiko olemera. Koma zithunzi zomwe azanyengo ankatsatira nazo namondwe wa Freddy mu 2023 zinkachokera ku masetilaiti, ndipo intaneti ya Starlink yomwe inafika m'Malawi chaka chomwecho imadaliranso iwo. Kumwamba kukadzaza zinyalala, mlimi wodikira uthenga wa mvula adzavutika nawo.

N'chifukwa chake ndimalimbikitsa ophunzira anga ndi alembi achinyamata kuti alembe nthano zotere m'Chichewa. Ngwazi yake isakhale wokwera roketi yekha. Ikhalenso mfumu yomwe chitsulo chagwera m'munda mwa anthu ake, ikufunsa kuti alipire ndani.