Kodi mumadziwa kuti shati ya maluwa ya pakaunjika ili ndi oisaka?

Mashati a maluwa ndi mitengo ya kokonati omwe amatuluka m'mabelo a kaunjika mumsika wa Mzuzu anayambira ku Honolulu, Hawaii, m'zaka za m'ma 1930, ndipo akalekale amasakidwa ku America ndi ku Japan ndi anthu okonda kusunga zakale. Wodziwa amayang'ana mabatani a chikamba cha kokonati, kansalu kapakhosi kolembedwa kuti inasokedwa ku Hawaii, komanso thumba lomwe maluwa ake alumikizana ndendende ndi a shatiyo.

Wina anganene kuti ambiri ndi ongotengera, osokedwa dzanadzanali m'mafakitale a ku Asia. N'zoona, koma belo limasakaniza zakale ndi zatsopano, choncho wogulitsa ayambe wapenda mabataniwo asanaponye shatiyo pamulu wa zotchipa.